Chiponde cha Isac

Kachingwe koyezera mkono wa mwana kanaima pa mtundu wachikasu, chizindikiro cha kunyentchera. Nilza anaona yekha anamwino asananene kanthu, ndipo anakokera Isac pachifuwa pake ngati pali wina wofuna kumulanda. Isac anali mlongo wake wa zaka zitatu. Chimwalirireni mayi awo dzinja lapitalo, mwanayo ankangotha thupi, tsitsi likufiira, phala akulikankha ndi dzanja.

"Sanafike poipitsitsa ayi," anatero a Ermelinda, anamwino a pachipatala chaching'ono cha ku Majaua. "Koma akatsikanso pamenepa tidzalankhula zina. Mtedza muli nawo kwanu?"

"Ulipo wa a titiya, mayi athu aang'ono. Sitinauswe."

"Nanga nthochi?"

"Zili kuseri kwa nyumba."

"Basi mankhwala ake muli nawo kale. Khala pansi uone."

A Ermelinda anasenda nthochi yakupsa, naiphwanya ndi sipuni m'mbale mpaka inafewa. Anathiramo chiponde, natakasa, kenaka anadulira tizidutswa ta papaya pamwamba. Isac anayang'ana mbale ija kanthawi, napisa chala, nanyambita. Posakhalitsa anali atagwira sipuni yekha.

"Waona? Apa palibe zophika," anatero anamwinowo. "Ukasinja chiponde chako n'kusunga, ngakhale moto utazima mwana adya. Koma mtedza wake ukhale wouma bwino. Wa chuku uzitaya."

Nilza anavomera ndi mutu, koma maso ake anali pa Isac. Panali patapita miyezi asanamuone akutafuna motero.

Ana awiriwa ankakhala ndi a Guilhermina, mng'ono wa mayi awo, amene ankawatchula kuti titiya. Mayiyo sanali wankhanza, koma anali ndi ana ake anayi ndiponso geni ya nyemba ndi mtedza imene ankapita nayo pa njinga kumalire a Milange. Atamva za kachingwe kachikasu anapuma mozama.

"Tapa m'thumbamo mtedza wokwanira mwanayo," anatero. "Koma kuswa uswa wekha, ine manja ndilibe. Wotsalawo ndikupita nawo kumalire."

Nilza anali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo tsiku lake linali lodzaza kale: kumjigo m'mawa, nkhuni, kusambitsa ana, kenaka sukulu masana. Mtedza wa chaka chimenecho unali wolimba makoko. Ataswa lichero limodzi lokha, chala chachikulu chinali chitatupa, cholembera chikumukanika kugwira m'kalasi.

Ndiye anachita zimene ankaona aliyense akuchita m'mudzimo. Anathira mtedza pamphasa, nauwaza madzi, naufunditsa thumba kuti makoko afewe. M'mawa mwake unkangosweka wokha pongoufinya pang'ono. Anaswa wonse tsiku lomwelo, mtima uli mbee. Akuluakulu akatero amauyanikanso padzuwa, wina n'kukhala pompo kuingitsa nkhuku. Nilza analibe womulondera, ndipo nthawi ya sukulu inali itakwana. Anauthira m'chidebe cha pulasitiki, natseka chivundikiro zolimba kuopa makoswe, nathamanga.

Chiponde choyamba anasinja cha mtedza wa m'lichero uja, umene sunakhudze madzi. Isac anachidya ndi nthochi m'mawa ndi madzulo, ndipo anayamba kutsatira mlongo wake ndi mbale m'manja.

"Mana, nthochi," ankatero, akukoka chitenje chake; mana ndi mmene ankamuitanira mlongo wakeyo.

Chipondecho chitatha, Nilza anatsegula chidebe chija. Fungo la m'nyumba yodontha linamumenya kumaso. Mtedza unali utagwirana m'magulumagulu, utavala kaufa kobiriwira, wina utada m'mphepete. Anakhala pansi chidebe chili pakati pa miyendo. Thumba la a titiya linali litapita kale kumalire, ndipo m'nyumbamo munalibenso mtedza wina. Akanena bwanji kuti wawononga wonse umene anapatsidwa? Mawu a anamwino anawakumbukira ndithu, koma anadziuza kuti iwo ankanena za mtedza wosakazinga. Moto umapha zonse, si choncho? Madzi akumwa amaphitsa, nyama yoyamba kununkha amaiwamba n'kudya.

Anaufikisa m'manja mpaka kaufa kaja kanachoka, naupeta, naukazinga m'phale nthawi yaitali kuposa masiku onse. Atasinja, chiponde chinaoneka bwino, kungoti chinali chakuderako. Anapatsa Isac pang'ono pa chala. Mwanayo anakwinya nkhope nalavula.

"Chowawa, mana."

"Si chowawa, iwe. Dikira."

Anakasankha nthochi zakupsa kwambiri, zija za makoko akuda zotsekemera ngati uchi. Anaphwanya imodzi, nalawa, kuwawa kunali kukumvekabe patali. Anaonjezera yachiwiri ndi papaya, natakasa mpaka kuwawa kunabisika. Isac anadya mbale yonse nanyambita sipuni. Nilza anamwetulira, nadziona kuti ndi wochenjera. Anachita chimodzimodzi mawa lake, ndi mkucha, ndi masiku otsatira. Ana a titiya akapempha ankawakaniza, chifukwa chakudyacho chinali cha wodwala yekha.

Tsiku lina pobwera kusukulu anapeza Isac atagona pakhonde, masanzi ali pambali pake. Sanadzuke kudzamuchingamira. Mimba inali itatupa, ndipo Nilza atamukhudza chakumanja pansi pa nthiti, mwanayo analira ndi mawu aang'ono. A Guilhermina anafika akukankha njinga, namutukula chibwano kuti amuone bwino padzuwa.

"Mayo ine! Maso awa achita chikasu liti?"

Sanadikire yankho. Anamasula matumba pa njinga, nam'bereka mwanayo kumsana, napalasa. Nilza ankathamanga pambuyo m'fumbi, nsapato zili m'manja.

Kuchipatala a Ermelinda anamubaya chala kuyeza malungo. Sanapezeke. Anamuyang'ana m'maso, namugwira pamimba, nkhope yawo ikusintha.

"Chiwindi chatupa. Mwanayu wamwa mankhwala ena alionse? A zitsamba?"

"Ayi," anayankha a Guilhermina. "Ine ndikudziwa kumene zachokera izi. Abale a bambo ake aja sanakondwe kuti ana ndinawatenga ine. Mwana anayamba kuchira bwinobwino, lero maso chikasu? Si matenda wamba amenewa."

"Zimenezo ine sindiziyeza, mayi. Ndikufunsa zimene zalowa m'mimba. Wakhala akudya chiyani?"

"Zomwe munanena inu zija. Nthochi ndi chiponde. Mtsikanayu sanaphonyepo tsiku, ndikumuchitira umboni ndine."

Nilza anali ataima pafupi ndi khomo. Akanatha kungokhala chete. A titiya anali atapeza kale anthu owaloza chala, ndipo palibe amene anaona m'chidebe muja. Koma Isac anali gone pa benchi, milomo itauma, akupuma mofulumira, ndipo anamwino anali kufunafuna chinthu chimene iye yekha ankachidziwa.

"Mtedza unachita chuku," anatero Nilza.

Onse awiri anatembenuka.

"Ndinauwaza madzi kuti ndiswe msanga, n'kuutsekera m'chidebe usanaume. Ndinaukazinga kwambiri. Ndimayesa kuti moto upha."

"Mwanayo sanakane?" anafunsa a Ermelinda.

"Analavula. Anati n'chowawa." Apa misozi inatsika. "Ndinaonjezera nthochi kuti asamve."

A Guilhermina anadzuka dzanja lili m'mwamba. "Iwe! Anakuphunzitsa ndani kuthira madzi mtedza wa mwana?"

"Ndinaona inu, titiya."

Dzanja lija linakhala m'mwamba kanthawi, kenaka linatsika pang'onopang'ono. "Ife timauyanika," anatero mayiyo, koma mawu ake anali atachepa. "Timauyanika. Ukanandiuza, mwana wa mkulu wanga. Ndikanakukalipira, inde, koma ndikanakagula wina."

A Ermelinda sanakalipire aliyense. Anali akulemba kale kapepala kotumizira wodwala kuchipatala chachikulu.

"Chuku chimasiya poizoni mu mtedza," anatero osadzutsa mutu. "Ungapukute, ungakazinge mpaka ude, poizoniyo sachoka. Wamkulu mwina thupi limapirira kanthawi. Koma kamwana kofooka kale ngati aka, kakudya tsiku ndi tsiku, chiwindi sichingalimbe. Lilime lake linamuchenjeza. Mupite naye ku Milange lero lomwe, ndipo chotsala m'chidebecho mukachikwirire. Musapatse ngakhale nkhuku."

"Achira?" anafunsa Nilza.

"Sindikulonjeza, mwanangu. Koma wachita bwino kunena. Madokotala akanataya nthawi kufunafuna zina."

Ku Milange Isac anagonekedwa m'chipinda cha ana, botolo la madzi likulendewera pamwamba pake. A Guilhermina anabwerera kumudzi kukaona ana ena, ndipo Nilza anatsala, akugona pa chitenje pansi pa bedi. Kusukulu anzake analemba mayeso iye kulibe. Masiku oyamba mwanayo sankatsegula maso. Pambuyo pake kusanza kunaleka, chikasu chinayamba kuzimirira, ndipo dokotala anati ngozi yaikulu yadutsa, ngakhale chiwindicho chidzafunika kuchiyang'anira kwa nthawi yaitali.

M'mawa umene anamulola kudya, anamwino a kumeneko anabweretsa kapu ya mkaka wa kuchipatala. Nilza anamukhazika Isac motsamira pilo, natunga ndi sipuni, naiuzira ngakhale sunali wotentha.

"Yasamula, Isac. Ndi mkaka."

Mwanayo anayang'ana sipuni, nayang'ana mlongo wake. Anatseka pakamwa zolimba natembenukira kukhoma.

"Si chowawa, ndithu. Taona, ndikumwa ine."

Anamwa iye sipuni imodzi. Isac sanatembenuke. Nilza anayesanso, akumunyengerera ndi mayina onse amene mayi awo ankamuitanira, koma mwanayo anayamba kulira ndi kukankha dzanja lake, mkaka n'kutayikira pa nsalu.

Pa bedi loyandikana panali mayi wina wa ku Molumbo, a Constância, amene ankadwazika mwana wawo wamkazi. Anali akuonerera mwakachetechete.

"Bweretsa kuno, mtsikana," anatero mofatsa. "Nthawi zina amafuna dzanja lachilendo. Iwe taima uko kaye."

Nilza anapereka kapu ndi sipuni. Anatuluka, nakaima kuseri kwa chitseko kumene Isac sakanamuona. Anamva a Constância akulankhula ndi mwanayo m'Chilomwe chosakaniza ndi Chinyanja, kulira kukuchepa. Kenaka kunamveka sipuni ikugunda m'kapu, n'kukhala chete, n'kugundanso. Nilza anatsamira khoma, atadzigwira pakamwa kuti asamveke, ndipo sanalowe mpaka sipuni inayamba kukanda pansi pa kapu.