Maswiti a M'chikwama cha Amayi

Kunyumba ankamutchula kuti Kapolisi. Anali mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti amayi asadwalenso.

Amayi anali ndi matenda a shuga. Ndiye Kapolisi ankalondera. Ankalondera kapu ya tiyi. Ankalondera kabati. Ntchito yosatumidwa, koma ankaigwira ndi mtima wonse.

Tsiku lina m'mawa anasuzumira m'chikwama cha amayi. Munali maswiti atatu.

"Ndawagwira," anatero chamumtima. Anabisa maswitiwo m'sokosi yake, osauza munthu.

Tsikulo kusukulu kunali mpikisano wothamanga wa makolo. Amayi anavula nsapato. Anathamanga, anathamanga, mpaka anapitirira amayi a mnzake. Kapolisi anachemerera mpaka mawu anasasa.

Atamaliza, amayi anakhala pa udzu. Thukuta linali kamukamu. Manja awo ankanjenjemera. Anapisa dzanja m'chikwama. Anafufuza, anafufuza. Munalibe kanthu.

"Mwanangu, maswiti anga wawaona?" anafunsa motsitsa mawu.

"Shuga amakudwalitsani, amayi."

"Lero ndi zina. Ndathamanga kwambiri. Shuga watsika m'thupi. Ndikumva chizungulire."

Mantha anamugwira Kapolisi. Anavula sokosi msangamsanga. Maswiti atatu anagwera pa udzu.

Amayi anasenda pepala. Anatafuna siwiti yoyamba. Anatafuna yachiwiri. Anatafuna yachitatu. Kapolisi anawagwira dzanja. Anadikira. Anadikirabe. Pang'onopang'ono dzanja linasiya kunjenjemera.

"Maswiti a m'sokosi," anatero amayi akumwetulira. "Ndi okoma ndithu."

Kapolisi anafuna kuseka, koma misozi inatsogola.

"Pepani, amayi. Ndimayesa mumadya mobisa."

"Iyayi, mwanangu. Wolakwa ndine, sindinakuuze. Adokotala anati ndiziyenda nawo."

Kenako amayi anatsegula kabokosi ka chakudya. Munali buledi wabulauni ndi nyemba.

"Siwiti imafika m'magazi mothamanga," anatero amayi. "Koma imathanso mothamanga. Buledi uyu ndi nyemba zimafika pang'onopang'ono. Zimandipatsa mphamvu nthawi yaitali."

Ananyema buledi pakati. Wina wa amayi, wina wa Kapolisi.

"Amayi, chizungulire chatha?"

"Chatha."

"Chatheratu?"

"Chatheratu, mwanangu."

Mtima wa Kapolisi unakhala pansi. Anatsamira phewa la amayi. Apo m'pamene anayamba kudya buledi wake.