Mkaka wa Agogo a Colette

Mtembo wa Colette Sintes unapezeka Lachiwiri 6 koloko m'mawa, kumanda a Afalansa, kumtunda kwa munda wa mphesa. Boualem Kaci, wapolisi amene anamerera imvi akufufuza milandu ku Temouchent, sanachedwe ndi bala la kunkhongo. Chinamuimitsa mutu n'chakuti mayiyo anagonekedwa chakumanja, maso atatsekedwa bwino, nkhope italoza ku Maka, monga Asilamu amagonekera maliro.

"Wakuba sagoneka mlendo chonchi," anatero. "Uyu wamugoneka ndi m'bale wake."

Koma Colette analibe m'bale kuno. Anachokera ku Marseille, kwa Afalansa, kudzafufuza mbiri ya makolo ake, eni mundawo mpaka 1962. Mlonda wa manda anatsekeredwa tsiku lathunthu, osapezeka ndi mlandu.

Lachitatu 10 koloko, kuhotela, Kaci anatsegula kope limene Colette anabwera nalo, mmene agogo ake ankalembamo zochitika. Tsamba la chaka cha njala, 1945, linali litang'ambidwa.

"Colette anandiwerengera ine tsambalo," anatero mwini hotela. "Akuti agogo ake anayamwitsa makanda awiri a antchito, amayi awo mkaka utauma. Lakhdar ndi Zoubida. Anathamanga kukawauza, chimwemwe chokhachokha."

Kaci anagwidwa chisoni. Pa Chisilamu, oyamwa bere limodzi ndi pachibale, sakwatirana. Lakhdar ndi Zoubida anali m'banja zaka makumi anayi, ana asanu ndi mmodzi.

Pa 2 koloko, kupolisi, nkhalambayo, Lakhdar, sinavute. Inatulutsa yokha tsambalo m'thumba.

"Ndinamuchonderera, mwananga," anatero Lakhdar. "Ndinati ling'ambe. Iye kuseka, ati nkhani yokoma, ayilemba m'buku. Sankadziwa kanthu. Shehe akanatilekanitsa. Nanga ana anga anthu akanawatchula chiyani? Atatembenuka ndinatola mwala."

"Mayi Zoubida akudziwa?"

"Anali kumsika. Sanamve."

"Nanga munamugonekeranji choncho, achikulire?"

"Mayi ake ndinayamwa nawo bere limodzi. Ndine malume ake. Ndikanamusiya ngati galu?" Anagwira dzanja la Kaci. "Lemba kuti ndimafuna kumubera."

Kaci sananamepo papepala la boma, ndipo tsiku limenelo anadana nalo khalidwe lakelo. Analemba zoona, akudziwa kuti zikawerengedwa kukhoti anthu onse akumva.

Panja, pabenchi, Zoubida anali atafungatira buledi wotentha m'kansalu.

"Bwana, mwamuna wanga atuluka nthawi yanji?"

Kaci sanadziwe amutchule chiyani munthu anali m'katimo, mwamuna wake kapena mlongo wake.