Kabatire ka M'chikwama cha Efulemu

Efulemu anamuona koyamba Everlyn pa siteji ya minibasi pa Nathenje, atabereka chinthu kumbuyo ndi chitenje cha maluwa achikasu. Poyamba anayesa mwana. Koma ndi mwana wanji wa makona anayi, wosapukusa ngakhale mutu dzuwa likuswa mtengo chonchija?

"Pepani achemwali, mwanayo akudwala chiyani?"

Mtsikanayo anacheuka n'kumuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutsitsi.

"Ndi kompyuta iyi, achimwene. Ndikupita nayo m'tauni. Ikukana kutumiza maimelo."

"M'tauni dokotala wake ali pompano? Ine ndine Efulemu. Ndimakonza mafoni ndi makompyuta pa Mitundu, pakhonde pa shopu ya a Farouk."

"Masiku ano aliyense ndi dokotala," anatero Everlyn, koma anamwetulira. Pamano ake apamwamba panali kampata, ndipo mtima wa Efulemu unagwera momwemo osatulukanso.

Minibasi inanyamuka popanda iwo.

Kwawo kwa Everlyn sikunali kutali. Ankakhala ndi mayi ake, mayi Agnes, m'nyumba ya malata kuseri kwa chigayo. Kompyutayo anamutumizira ndi mlongo wake wa ku Joni, ndipo inali chuma chake chonse. Everlyn anali atamaliza maphunziro a zaulimi ndipo ankasaka ntchito usana ndi usiku. Foni yake inali ya mabatani, choncho makalata onse ofunsira ntchito ankadalira makina amenewa. Tsopano makalatawo ankangounjikana m'bokosi la zotuluka, osasuntha.

Efulemu analumikiza mawaya n'kuyamba kufufuza. Kodi bandulo ya intaneti ilimo? Inalimo. Adiresi yalembedwa bwino? Inalibe vuto. Pasiwedi? Inali yolondola. Zithunzi za masatifiketi sizikulemera kwambiri? Ayi, zinali zopepuka.

"Dikirani ndikutengereni kathobwa," anatero Everlyn. "Mlendo sakhala kukamwa kuli gwa pakhomo pa amayi."

Atangotuluka, maso a Efulemu anagwera pakona ya sikirini. Deti! Kompyutayo inkaonetsa chaka chimene Everlyn anali akadali ku pulayimale. Apo anadziwiratu kuti kabatire ka m'kati, kaja kofanana ndi ndalama yachitsulo, kanatha mphamvu. Magetsi akathima makinawo ankaiwala tsiku, ndipo kumene makalata amadzera sankalola kalata yochokera ku kompyuta yosokonezeka masiku. Anakonza detiyo, makalata onse n'kuuluka nthawi yomweyo.

Everlyn polowa ndi chikho anangotsala pang'ono kutaya thobwa.

"Apita? Onse? Amayi, bwerani mudzaone! Vuto linali chiyani, achimwene?"

Yankho linali lalifupi, ndipo linali kale pamlomo. Koma akanena zoona, akaika kabatire katsopano, adzabweranso pakhomo pano kudzatani? Efulemu anayang'ananso kampata kaja.

"Ndi matenda ovuta kufotokoza, achemwali. Akayambiranso, mungondiimbira."

Kutacha anatengadi kabatire katsopano mu shopu ya a Farouk n'kukaika m'chikwama chake cha m'thumba. Anadziuza kuti akaika ulendo wotsatira. Ulendo wotsatira unafika, kabatire kanabwerera ku Mitundu. Wotsatiranso, chimodzimodzi.

Kuyambira pamenepo Efulemu anasanduka munthu yekhayo pa Mitundu amene ankasangalala magetsi akathima. Ometa akudandaula, owotcherera akutukwana, iye akupukuta nsapato. Ankadziwa kuti akangoyaka foni ilira.

"Adokotala, wodwala wanu wayambiranso."

"Ndili panjira, duwa la pa Nathenje. Muuzeni apirire."

Akafika ankakhala pampando nkhope ili yakugwa ngati wamva uthenga wa maliro, kudikira kuti Everlyn apite kukatenga thobwa. Pobwera, zonse zili myaa. Kenaka macheza pansi pa mtengo wa mango mpaka nkhuku kuyamba kulowa m'khola.

Mayi Agnes ankangoonera.

"Kompyuta imeneyi itimalizira chimera," anatero tsiku lina akupeta chimanga. "Ndaona matenda ambiri ine, koma sindinaone ochira ndi thobwa lomwa adokotala."

"Aaa, amayi inunso!"

Pansi pa mango womwewo m'pamene Efulemu anatula za kumtima.

"Everlyn, ine ndimakonza zinthu za anthu tsiku ndi tsiku, koma mtima wanga wandikanika. Chikuonereni pa siteji paja sukugunda bwino. Ndiwe wekha ungaukonze."

"Mawu amenewa mwauza angati pa Mitundu?"

"Ukafunse a Farouk. Akuti ndikumaika batire chozondotsa m'mafoni a anthu chifukwa cha iwe."

Everlyn anaseka mpaka misozi. Sanayankhe pomwepo, koma Efulemu asanafike kwawo uthenga unalowa pafoni. "Ndalola, wapamtima. Koma usadzandinamize. Bodza ndimadana nalo kuposa njoka."

Efulemu anayankha msangamsanga, "Sindidzakunamiza, nthiti yanga. Ine ndili moyo, kalata yako siidzagona panjira."

Analemba zimenezi kabatire kali m'thumba! Chikumbumtima chinamulasa ndithu, koma chikondi chikatsekemera munthu amati ndikonza mawa. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Patapita miyezi, bungwe lina linalengeza kuti likufuna mlangizi wa alimi a soya ndi mtedza cha ku Nkhoma. Inali ntchito yeniyeni imene Everlyn ankailota. Makalata ankafunika afike pa imelo Lachisanu maofesi asanatseke. Everlyn anakonza zonse bwinobwino, kungotsala kalata ya umboni yochokera kwa aphunzitsi ake, imene inafika Lachinayi. Tsiku lomwelo magetsi anathima, ndipo anayaka Lachisanu m'mawa.

Anadina kuti kalata ipite. Inakana.

Anadinanso. Inakananso.

Anaimbira Efulemu, foni sinkapezeka. Apo anakumbukira kuti wokondedwa wakeyo anapita kumaliro a azakhali ake kumudzi wina m'tsinde mwa Dzalanyama, kumene netiweki amachita kuisaka pachulu. Everlyn anazimitsa kompyuta n'kuyatsanso. Anagula bandulo ina. Analembanso pasiwedi. Palibe chinasintha. Kodi ntchito ya maloto ake imudutse chonchi, kalata ili m'nyumba?

Anatenga chitenje chachikasu chija, kubereka kompyuta, n'kukwera njinga yamoto ya kabaza. Mwina pa Mitundu akapeza wina womuthandiza. Anafika fumbi lili mbuu m'nsidze, n'kupeza shopu ili yotseka. A Farouk anali ku mzikiti ku mapemphero a Lachisanu. Anadikira pakhonde.

"Alamu!" anafuula a Farouk pobwera. Anali bambo wansangala, wandevu za imvi. "Mwabereka mwana wa Efulemu? Kwagwanji?"

Everlyn anafotokoza misozi ili m'maso. A Farouk anatsegula msanga n'kumulumikizira makinawo pa tebulo la Efulemu.

"Ine za makompyuta sindizidziwa, mwana wanga. Koma kodi kabatire kaja sanakaikebe? Anatenga muno kalekale, kutacha kwa tsiku limene munakumana lija. Ankati vuto lake ndi laling'ono, makinawa akungoiwala deti magetsi akathima."

"Deti?"

"Eya. Ankati n'zoti ngakhale mwana wa sukulu atha kukonza."

Everlyn anayang'ana pakona ya sikirini. Chaka chinali chakalekale. Analemba tsiku lenileni, mwezi ndi chaka, n'kudina. Kalata inapita ngati sinavutepo.

"Alhamdulillah, yapita!" anatero a Farouk akuomba m'manja. Koma atamuyang'ana kumaso anadziwa kuti pakamwa pawo pawotcha nyumba.

Everlyn sanasangalale. Anakumbukira zikho zonse za thobwa, nkhope yakugwa ija, ndi momwe ankamuthokozera mochita kunjuta. Miyezi yonseyi mnyamata ankamudikira kuti atuluke kuti akonze kanthu kosatenga ndi mphindi yomwe! Zinamuwawa kwambiri, ndipo analira njira yonse yobwerera ku Nathenje.

Efulemu atangofika pa netiweki uthenga unalowa.

"A Efulemu, kalata yanga yapita. Deti ndakonza ndekha. Kabatire kanu sungani, ndipo musavutikenso kubwera."

Anauwerenganso kachiwiri. Anaimba, foni sinayankhidwe. Analemba, "Wapamtima, ndilole ndifotokoze." Zii. "Duwa langa, ndinalakwa, sindikudya." Zii. Magetsi anathima kangapo sabata imeneyo, koma foni yake sinalire. Tsopano nayenso ankadandaula limodzi ndi ometa.

"Ndikanadziwa bwanji kuti chinali chinsinsi?" anatero a Farouk. "Iwe, mkazi safunsiridwa ndi batire lakutha. Pita ukagwade."

Loweruka Efulemu anafika kuseri kwa chigayo, ataonda ngati wadwala malungo. Mayi Agnes anamulandira n'kumupatsa mpando, koma sanaseke. Everlyn anatuluka manja atapinda pachifuwa.

"Mwabwera kudzaona wodwala wanu?"

"Ndabwera kudzapepesa, Everlyn. Ndinkaopa kuti ndikakonzeratu sudzandiitananso. Ndinalibe chifukwa china chofikira pakhomo pano."

"Nditakulolani, chifukwa chinalibebe? Ndinakuuzani kuti bodza ndimadana nalo. Munalonjeza kuti kalata yanga siidzagona panjira, chonsecho woigoneka munali inu nomwe! A Farouk akanachedwa ku mzikiti, bwenzi mukupepesa chiyani lero?"

Efulemu anapisa dzanja m'thumba. Anatulutsa chikwama, n'kutulutsamo kabatire kali m'pepala lake lomwe, litachita kuperepeseka ndi kukhalitsa.

"Ndilole ndiike, kenaka ndizipita."

"Lowani. Koma lero kulibe thobwa. Sindichoka pano."

Anatsegula kompyuta Everlyn ali chilili pambali pake. Anamuonetsa pamene kabatire kakale kanali, n'kumupatsa katsopano kuti aike ndi dzanja lake. Kenaka anamuphunzitsa zonse, osabisa kanthu. Kalata ikakana, ayambe waona intaneti, aone adiresi, aone pasiwedi, aone kulemera kwa zithunzi, ndipo asaiwale deti. Anazula waya kukhoma n'kubwezeranso. Kompyuta inayaka ikudziwa tsiku.

"Yachira," anatero Efulemu motsitsa mawu. "Siidzandifunanso."

Anatsanzika mayi Agnes n'kutuluka. Ankayembekeza kuti Everlyn amuitana asanafike pachigayo. Sanamuitane.

Madzulo ake mayi Agnes anamupeza mwana wawo akuyang'ana chikho chimene Efulemu ankamwera.

"Analakwa ndithu, ndipo wachita bwino kumukhaulitsa," anatero. "Koma ine ndinaona kalekale kuti matendawo ngochita kuweta. Iwenso magetsi akathima sunkathamangira kukasamba ndi kudzola?"

"Amayi!"

"Ndangofunsa."

Masabata awiri anadutsa. Bungwe lija linamuitana Everlyn ku mayeso a ntchito, ndipo linamutenga. Mayi Agnes analulutira mpaka a kuchigayo anazimitsa injini kuti amve chachitika. Everlyn anasangalala zedi, koma munthu amene ankafunitsitsa kumuuza sanali pamenepo.

Lolemba masana Efulemu anali pakhonde pa shopu, akumasula foni ya munthu mopanda chidwi. Foni yake inalira. Inali imelo.

"Adokotala, magetsi anathima dzulo ndipo abwera lero. Monga mukuonera, kalata yafika. Wodwala wanu ali bwino ndipo sakukufunaninso. Ntchito ija ndaipeza. Koma amayi akufunsa, kodi kwanuko kulibe amalume odziwa njira ya ku Nathenje? Munthu wa amalume sasowa chifukwa chofikira pakhomo. Ukadzandinamizanso ndidzakubereka pachitenje n'kukakutula kwa a Farouk. Ndine wako, Everlyn."

Efulemu analumpha mpaka tizitsulo ta foni ya eni ake tinamwazika pansi.

"A Farouk! A Farouk! Ndikutseka, ndikupita kwa amalume!"

"Yamba watola za kasitomalazo!"

Loweruka lotsatira amalume a Efulemu anatsika pa siteji ya Nathenje atavala jekete, n'kufunsa njira ya kuseri kwa chigayo. Mayi Agnes anali ataitana kale alongo awo, ndipo thobwa linali lodzaza ndowa. Nkhani ili m'kati magetsi anathima, koma palibe amene anadandaula.