Mawu Amene Makutu Sanamasulire

"Pepani achemwali, chimene mumayankhula pafonipo ndi chilankhulo chanji? Chikukoma ngati nyimbo."

Mtsikanayo anatembenuka. Mvula inali ikuwaza pa siteji ya basi, ndipo mnyamata wa jekete lotuwa anali atamufunditsa ambulera osapempha n'komwe.

"Chakumapiri," anayankha mouma, akudikira kuti asekedwe.

Anali atazolowera. Dziko lawo linali laling'ono, koma zilankhulo zinalipo zitatu. Cha boma chinkamveka m'makhoti, m'sukulu ndi pa wailesi. Cha m'tauni ndi chomwe anthu ankatsatsira malonda ndi kukanganirana m'minibasi. Chakumapiri ankati ndi cha ootcha makala, ndipo eni ake akafika mumzinda ankachiyankhula chonong'ona.

Koma mnyamatayo sanaseke.

"Mungandiphunzitse?" anatero.

Apa m'pamene mtsikanayo anawazindikira mawuwo. Anali mawu omwe ankawerenga nkhani za masana pa wailesi m'chilankhulo cha boma! Anthu ankangomutchula kuti Liwu.

"Nanga inu amakutchulani ndani?"

"Kuchipatala amanditcha Makutu. Odwala akumapiri akabwera, madokotala samva kanthu. Ndiye amakuwa kuti, 'Itanani Makutu!' Ine n'kukamasulira."

"Basi ndapeza mwayi," anatero Liwu akumwetulira. "Liwu lopanda makutu ndi phokoso chabe."

Makutu anaseka mpaka basi inamusiya.

Chikondi chinayambira pamenepo. M'mawa uliwonse foni ya Makutu inkalira ndi uthenga: "Wadzuka bwanji, njiwa yanga? Lero nkhani zonse ndikuwerengera iwe wekha." Madzulo ankakhala pabenchi kuseri kwa chipatala, Makutu akumuphunzitsa mawu akumapiri. Liwu lilime linkamulemera zomvetsa chisoni. Akafuna kunena kuti "mtima wanga" zinkamveka ngati "mphika wanga," ndipo Makutu ankaseka mpaka misozi.

Nthawi zina ankaimbira mkulu wake ali pambali pa Liwu, n'kumakhuthula zakukhosi m'chakwawo.

"Akulu, munthuyu ndamukonda mpaka ndikuchita mantha. Akadzandisiya, sindidziwa kuti ndidzatani."

Liwu ankangoyang'ana foni yake, phee.

Makutu atamufunsa za kwawo, Liwu anayankha mwachidule. "Mayi anga anatisiya ndili wamng'ono. Ndinakulira kwa amalume mumzinda muno."

Makutu anamugwira dzanja, ndipo sanafunsenso.

Patatha chaka, Liwu anamuveka mphete. "Sindidzakuchititsa manyazi, ndipo iwe sudzandichititsa manyazi. Ndikulonjeza!" anatero.

Chinthu chimodzi chokha ndi chomwe chinkamubaya Makutu. Tsiku lina ali kuphwando la kuntchito kwa Liwu, foni ya Makutu inalira. Liwu anamugwira mkono msanga.

"Pano usayankhe m'chakwanu, njiwa yanga. Abwana anga amati wowerenga nkhani lilime lake lizikhala loyera, ngakhale la anthu oyenda nawo."

Loyera? Ndiye kuti lake linali lakuda? Makutu anazimitsa foniyo. Ankaganiza kuti chikondi chimafuna kupirira.

Sabata ina ku wodi ya amayi kunabwera mayi wokalamba wochokera kumapiri, atathyoka mwendo. Sankamva cha boma kapena cha m'tauni, choncho Makutu ndiye anali pakamwa pawo. Anazolowerana msanga. Mayiwo ankasunga kawailesi pansi pa pilo, ndipo ikakwana nthawi ya nkhani za masana ankakaika kukhutu.

"Mumamva zomwe akunenazo, Amayi?"

"Sindimva kanthu, mwanawe. Ndimangomvera mawuwo."

"Nanga mulibe wachibale mumzinda muno woti akuoneni?"

"Alipo mwana wanga, mzime wanga. Ntchito yake ndi yapamwamba. Anandipempha kuti ndisamamuyendere kapena kumutchula kwa anthu. Ndimusokonezerenji ndi mwendo wa nkhalamba?"

Lachisanu, a kuwailesi anabwera kudzapereka mabulangete kwa odwala. Kutsogolo kunali bwana wawo wa mimba yake, pambali pake Liwu atagwira chojambulira mawu. Ataona Makutu anamutsinzinira diso. Anayenda bedi ndi bedi mpaka anafika pakona.

Mayi aja anadzuka ndi chigongono, nkhope itawala.

"Mwana wanga! Mzime wanga! Wakuuza ndani kuti ndili kuno?" anakuwa m'chakumapiri, atatambasula dzanja.

Liwu anauma ngati mtengo. Bulangete lomwe ananyamula linagwa pansi.

"Akuti chiyani agogowa?" anafunsa bwana uja.

Liwu anatembenukira kwa Makutu, thukuta lili kamukamu pamphumi.

"Timasulireni, chonde," anatero m'chilankhulo cha boma.

Makutu anayang'ana mphumi ya Liwu, n'kuyang'ana ya mayiwo. Anayang'ana mpata wa m'mano mwa onse awiri. Kufanana kumeneku anali asanakuonepo bwanji?

Mayiwo anayang'ana bwana uja, anayang'ana jekete la mwana wawo, kenako pang'onopang'ono anabweza dzanja lawo.

"Uwauze abwana a jeketewa andikhululukire," anauza Makutu motsitsa. "Maso akalamba. Ndinawafanizira ndi mwana wanga."

Makutu anamasulira mawu ndi mawu. Bwana uja anaseka, akuloza Liwu.

"Iwe kufanana ndi wakumapiri? Yamba kudzola mafuta, mphwanga!"

Liwu nayenso anaseka. Anaseka ndithu!

Alendowo akuchoka, mayiwo anakoka diresi la Makutu. "Uwauzenso kuti aonda. Azidya."

Mawu amenewo Makutu sanamasulire. Anaona msana wa Liwu ukugwedera. Mnyamatayo anali atamva.

Makutu anamupeza Liwu pakhonde, pafupi ndi chipinda chochapira. Anamuyankhula m'chakumapiri.

"Unati mayi ako anamwalira."

"Njiwa yanga, tandimvera kaye."

Anayankha m'chakumapiri chosalala, chopanda chilema, cha munthu amene anachiyamwa. Lilime lolemera lija linali kuti?

"Ndiye pabenchi paja unkandipusitsa? Zonse zomwe ndinkauza akulu anga, unkamva?"

"Ndinkamva."

"Ndinavula mtima wanga pamaso pako ndikuganiza kuti ndafunda!"

"Iwe sukudziwa zomwe ndinadutsamo," anatero Liwu misozi ikulengeza. "Kusukulu ankandigwaditsa padzuwa ndikalankhula chakwathu. Koyamba kufunsira ntchito anandiuza kuti mawu anga akununkha utsi wa makala. Ndinayeserera pagalasi mpaka ndinachipha m'kamwa mwanga. Nditakumva pa siteji paja, ndinamva fungo la kwathu. Ndinkangofuna kukhala pafupi nacho."

"Kusukulu inenso anandigwaditsa," anatero Makutu. "Koma mayi anga sindinawaike m'manda ali moyo. Nanga ana amene tikanabereka ukanawauza kuti ine ndine ndani? Wantchito?"

"Ndikonza zonse. Ndikulonjeza!"

"Lowa ndiye. Kawapatse moni mayi ako. Ine sindibwera, pamenepo sipafunika womasulira."

Liwu anayang'ana chitseko cha wodi. Anasuntha phazi. Nthawi yomweyo panja galimoto inaliza hutala, ndipo bwana uja anamuitana mokweza.

Anaima pakati, akupuma mwabefu.

"Ndibwera anthu akachepa," ananong'ona.

Makutu anavula mphete ija n'kuiponya m'thumba la jekete lake. Liwu sanaitulutse. Anatsika masitepe mothamanga, osacheuka.

Makutu atabwerera ku wodi, anapeza mayi aja atatola bulangete lija, akulisisita pachifuwa.

"Wawauza zoti azidya?"

"Amva, Amayi."

Mayiwo anagwedeza mutu mokhutira. Kenako anamuyang'anitsitsa, n'kumupukuta tsaya ndi chala chawo chokhakhala.

"Ukuliranji, mwanawe? Mtsikana wamtima wabwino chonchi sayenera kulira. Kodi uli pabanja?"

"Ayi, Amayi."

"Usadandaule. Ndikachira ndidzakuonetsa mwana wanga weniweniyo. Ndi mwana wabwino, wachifundo. Inu awiri mungayenerane."

Makutu anagwada pambali pa bedi, n'kubisa nkhope yake m'manja mwa mayiwo. Iwo anayamba kumusisita m'mutu, akumutonthoza ngati wodwalayo anali iye.