Kalambulabwalo wa Oddvar

Ulendo wa pa sitima yapamadzi uja anatilipirira ndi ana athu. Anati takalamba tikuyang'ana nyanja imodzimodzi pawindo, tikaoneko madoko a kumpoto ndi mapiri a madzi oundana, ena azitiphikira. Ine ndinasangalala. Mwamuna wanga Oddvar anangoti, "Madzi oundana timaswa ulere pakhomo pano. Tsopano tikawaone olipira?" Koma anapita, ndipo pa mzere wa chakudya sankatsogoleredwa ndi munthu.

Ndiyambe ndanena chinthu chimodzi. Oddvar ali ndi kalambulabwalo. Kwathu kuno timati vardøger, ndipo palibe amene amadabwa nazo, pafupifupi mtundu uliwonse uli naye wina wotere. Munthu asanafike, phokoso lake limayamba lafika. Chilowereni m'banja, madzulo ndinkamva geti likulira, jombo zikupondaponda pakhonde kusasa chipale, kenako kutsokomola kwake kouma kuja. Kunja kulibe munthu. Ndinkatereka khofi. Khofi akawira, mwini wake ankatulukira, n'kubwereza zonse zija, n'kulowa.

Apongozi anga malemu anandipatsa lamulo limodzi lokha ndili mtsikana. "Ukamumva, tereka khofi, ukhale pansi. Usamutsegulire. Ukamutsegulira ndiye kuti wafika kale, ndipo mwini wakeyo alibenso kofikira." Lamulolo silinandivutepo. Kwathu sitinkakhoma chitseko, ndipo kalambulabwalo sankagogoda. Ankangothera pakhonde.

M'sitima zinali zina. Chitseko cha chipinda chathu chinkadzikhoma chokha, n'kumatsegulidwa ndi kakhadi. Oddvar ndi kakhadi kaja sanamwerane madzi. Ankakalowetsa chozondotsa, kukapukuta pa juzi, kukatukwana, mapeto ake n'kugogoda. Ulendo wonse ine ndinali mlonda wake wa pachitseko.

Tsiku lina masana sitima inaima pafupi ndi phiri la madzi oundana. Chibenthu chachikulu chinagumuka n'kugwera m'nyanja, anthu n'kuwomba m'manja ngati wina wamwetsa chigoli. Oddvar sanawombe. Anali chete kuyambira m'mawa, chifukwa madzulo ake tinkafika pa kadoko ka kwawo kumene anabadwira, kumene anali asanapondeko chimwalirireni bambo ake.

Tinakocheza kutada kale. Munali mu Okutobala, mdima umabwera msanga, ndipo kunkagwa mvula yosakanikirana ndi chipale. Analengeza kuti sitima sikhalitsa, ingotsitsa katundu basi.

"Ndikaone ngati chisakasa cha bwato la bambo chilipobe," anatero Oddvar akuvala jekete.

"Mumdima uno? Ndi miyendo yakoyo?"

"Miyendo yanga imapumako, Eldbjørg. Pakamwa pako ndiye ayi. Undisungire keke."

"Sitima ikakusiya, ine ndikwatiwa ndi kaputeni."

"Ndamumvera kale chisoni," anatero, n'kutuluka.

Foni anaisiya patebulo pamodzi ndi magalasi ake, monga mwa chizolowezi. Ndinakhala pabedi n'kumaluka sokosi ya mdzukulu. Pawindo ndinkaona nyali za padoko, ndi anthu ovala zachikasu akukankha mabokosi a nsomba.

Ndiye ndinamva geti likulira.

Sitima ilibe geti. M'kanjira ka kunja kwa zipinda munali kapeti yokhuthala, yoti ngakhale ng'ombe ikanadutsapo osamveka. Koma ine ndinamva jombo pa matabwa, ndendende ngati pakhonde pathu. Zinapondaponda. Kenako kutsokomola.

Sindinaope. Ndinachita kuseka ndekha kuti chinthuchi chatitsatira mpaka kuno, chopanda ndi tikiti yomwe. Ndinathira madzi m'kaketulo ka m'chipinda, ndinakayatsa, n'kubwerera ku zoluka zanga.

Kenako kunamveka kugogoda.

Miyendo inandinyamula yokha. Ndinali nditafika kale pachitseko, dzanja lili pa chogwirira, pamene ndinatembenuka n'kuyang'ana ketulo. Inali isanayambe n'kulira komwe. Chikwatiraneni, Oddvar anali asanafikepo khofi asanawire. Ndinachotsa dzanja lija pang'onopang'ono.

"Oddvar?"

Zii.

"Ngati ndiwe, yankhula. Tukwana kakhadi kako ndimve."

Kugogoda kunabweranso, koma chapansi, ngati wogogodayo wagwada. Ndinasuzumira pa kabowo ka pachitseko. Magetsi a m'kanjiramo sazima, koma ndinangoona mdima wokhawokha. Apo m'pamene ndinazindikira kuti masokosi anga anyowa. Madzi ankalowa pansi pa chitseko, ozizira mpaka kuwawa m'mafupa. Ankanunkha ndere ndi mafuta a mabwato.

Kunja sitima inaliza hutala, kuitana amene anali kumtunda.

Chitseko choyang'anana ndi chathu chinatseguka. Munkagona mayi wina wa ku Bergen dzina lake Wenche, wa pakamwa posatseka, amene tinkadya naye tebulo limodzi.

"Eldbjørg, muli m'menemo? Atsegulireni amuna anu, anyowa thupi lonse. Oddvar, mwagwera kuti inu?" Kenako anayankhulanso kwa ine. "Sakundiyankhatu. Milomo yachita kuda."

Apa mantha anandigwira enieni. Kalambulabwalo saoneka, ndi phokoso chabe, koma uyu Wenche ankamuona. Nanga ngati analidi Oddvar wanga, atabwera wozizidwa, osatha n'kutsegula pakamwa pomwe? Ndimusiye afere pa kapeti chifukwa cha mawu a munthu amene anafa kalekale? Ndinagwiranso chogwirira chija. Chinali chozizira moti chinandimata pachikhatho. Kumbuyo kwanga ketulo inali itangoyamba kung'ung'udza.

"Wenche, mugwireni paphewa."

"Mwati bwanji?"

"Mugwireni, mundiuze."

Ndinkamva kupuma kwake kokha, kwa munthu mmodzi.

"Sindikufuna," anatero ndi mawu ang'onoang'ono. "Ndikaitane wa makiyi."

Atachoka ndinapotokola kachitsulo kokhomera m'kati, kamene ngakhale wa makiyi sangatsegule msanga. Ndinakhala pansi m'madzi momwemo, msana nditatsamiritsa chitseko. Kugogoda kulikonse ndinkakumvera m'nthiti. Kunayamba kufooka, kukhala ngati kukanda kwa mphaka wofuna kulowa. Chinandiliza n'chimenecho. Munthu amene ndagona naye bulangete limodzi moyo wanga wonse ankapempha ndimulowetse, ine ndili gwa. Ndipo sindinkadziwa ngati ndikumupulumutsa kapena ndikumupha.

Kukanda kuja kutatsala pang'ono kutheratu, chisoni chinasanduka mkwiyo. Ndinatembenuka n'kuyika pakamwa pa mng'alu wa chitseko.

"Sinditsegula. Wamva? Ukufuna khofi, bwera ndi miyendo yako, nkhalamba yamakani iwe. Usanditumizire phokoso. Bwera wekha."

Kunakhala bata. Kenako chitseko chinamenyedwa theche limodzi lamphamvu, mpaka magalasi ake aja anagwa patebulo. Nthawi yomweyo ketulo inazima yokha. Madzi anali atawira.

Wenche anabwera ndi mayi woyang'anira zipinda. Nditatsegula, panalibe munthu. Panali thamanda la madzi pakhomo pathu pokha, popanda mapazi obwera kapena obwerera. Woyang'anira uja anayang'ana madziwo, n'kuyang'ana ine.

"Amuna anu anatsika, eti? Valani nsapato, mayi. Sitima siinyamuka. Asodzi avuula bambo wina wachikulire kuzisakasa zakale uko."

Ndinamupeza Oddvar m'nyumba yosungira nsomba padoko, atamukulunga m'mabulangete, nesi wa m'sitima ali pambali pake. Matabwa ovunda a kutsogolo kwa chisakasa cha bambo ake anali atathyoka iye ataimapo. Msodzi amene anamukoka, wandevu zotuwa, anali ataima pomwepo.

"Tinamva kuti khuvu, tinathamanga ndi tochi," anandiuza. "Tinaunika, tinaunika, madzi ali phee. Ine ndinali nditavula kale chipewa. Kenako anangovuuka, akupalasa miyendo ngati wina wamutukwanira amake."

Oddvar anatsegula diso limodzi. Mano ankagundana.

"Ndiwe mkazi woipa," anatero. "Ndinagogoda, ndinagogoda. Pansi pa chitseko pankatuluka kuwala, ndi kafungo ka kwathu. Ndinkangofuna ndilowe ndigone. Iwe n'kumandilalatira."

"Ndiye unatani?"

"Ndinapsa mtima. Ndinamenya chitseko."

Ndinamugwira dzanja, lozizira ngati nsomba, ndipo sindinalisiye mpaka kuchipatala.

Ulendo wathu unathera pomwepo. Tinamva pambuyo pake kuti nkhani inazungulira sitima yonse. Ena ankati ndine mayi uja anatsekera mwamuna wake panja atakangana. Ena ankati Wenche anali atawonjeza vinyo pa chakudya chamadzulo. Akumpoto okha, amene anakulira m'madoko ngati amenewa, sankatsutsa chilichonse. Akuti ankangofunsana motsitsa mawu kuti, popeza mayiyo sanamulowetse kalambulabwalo uja, ndiye anapita kuti?

Oddvar anachira. Masiku ano amafika pakhomo mosalengeza, n'kupeza ketulo ili yozizira, ndipo amadandaula ngati ndamulakwira. Ine ndimamusiya adandaule.

Koma madzulo ena, iye ali pompo pampando wake akuwerenga nyuzi, geti limalira. Jombo zimapondaponda pakhonde. Kumabwera kutsokomola kouma kuja, kenako kugogoda, chapansi. Oddvar amatsitsa nyuzi n'kuyang'ana kuchitseko nthawi yaitali, ndi maso a munthu wotopa amene waona bedi loyalidwa.

Chitseko chathu tsopano timakhoma, ndipo kiyi ndimasunga ine.