Upile Asesera Gwape

Upile amakhala ku Berea, ku Joni. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Nyumba yawo ili m'mwamba, m'fulati yaitali.

Upile anali ndi khumbo limodzi. Ankafuna kuona gwape.

Pawindo lake ankaona mateksi. Ankaona nkhunda. Ankaona zovala zoyanikidwa pa mawaya. Koma gwape ayi.

Za gwape anamva kwa abambo ake, a Yakobo. Iwo amagwira ntchito kutali, ku kampu ya m'nkhalango. Kumeneko kuli timanyumba ta matabwa. Kulinso malo okhomapo matenti. Anthu a m'tauni amapitako kukapuma. Abambo amakonza mipopi. Amawaza nkhuni. Kunyumba amabwera kamodzi pa mwezi.

"Ababa, gwape ndi wotani?" Upile ankafunsa.

"Ali ngati kambuzi," abambo ankayankha. "Koma ndi wamanyazi kwambiri."

"Kuposa ine?"

"Iwe? Iwe manyazi unawaiwala mu lifiti!"

Tsiku lina foni ya amayi inalira. Anali abambo.

"Amake Upile, longedzani! Woyang'anira kampu walola. Pakati pa sabata kulibe alendo. Tigona m'kanyumba masiku awiri."

Upile analumpha. Masiku awiri! M'mawa uwiri woonera gwape!

Amayi Fyness analongedza mabulangete. Analongedza buledi ndi masamba a tiyi. Upile anatenga juzi. Anatenganso katsache kake.

Katsacheko kanachokera ku Thyolo. Kanabwera pa basi, m'chikwama cha azakhali. Upile amasesera m'khonde la fulati tsiku lililonse. Anthu oyandikana nawo amaseka. Koma amayi amati, "Mlendo asanafike, pakhomo pamasesedwa."

Lachiwiri anakwera teksi ku ranki, pokwerera mateksi. Teksi inathamanga. Nyumba zazitali zinatha. Milu ya dothi la m'migodi inatsala m'mbuyo. Kenako mitengo. Mitengo ina. Mitengo yokhayokha.

Upile anagunditsa mphuno pa galasi.

"Amayi, yonseyi anaibzala ndani?"

"Palibe. Inamera yokha."

Abambo ankawadikira pa geti. Anamunyamula Upile m'mwamba. Pambali pawo panali Anti Thandeka, woyang'anira kampu.

"Sawubona, mwana wa Yakobo!" Anti anamulonjera m'chilankhulo chawo.

"Yebo, Anti."

Anti anaona katsache. Anagwira pakamwa.

"Hawu! Tsache pa holide? Inu a ku Malawi simupuma!"

Onse anaseka.

Kanyumba kawo kanali kakang'ono. Makoma anali a matabwa. Pansi panali pa matabwa. Mkati munkanunkhira mtengo wodula kumene.

Upile anaima pakhonde. Anatchera khutu. Anamva phokoso lakutali. Wuuu. Wuuu.

"Ababa, msewu uli pafupi?"

"Si magalimoto amenewo, mwanawe. Ndi mphepo m'masamba."

Upile anamvetseranso. Ngati nkhalango ikupuma. Ngati ikunong'ona.

Patsogolo pa kanyumba panali mkuyu waukulu. Abambo anauloza.

"Gwape amabwera pansi pa mtengo uwo. Amabwera dzuwa likamatuluka. Mawa ukhale pawindo. Ukhale chete."

"Amachokera kuti?"

"Sindikudziwa. Zaka zitatu ndili pano. Amangotulukira ngati maloto."

Kenako abambo anapita ku matenti kukakonza mpopi. Amayi anagona pang'ono. Anali atatopa ndi ulendo.

Upile anatsika pakhonde. Anayang'ana pansi pa mkuyu. Eish! Masamba mbwee. Timitengo mbwee. Nkhuyu zakugwa mbwee, zina zophwanyika.

Upile anachita manyazi. Mawa kukubwera mlendo. Mlendo wake! Afikire pa zinyalala?

Anathamangira katsache kake.

Shwaa, shwaa. Anasesa masamba.

Shwaa, shwaa. Anasesa timitengo.

Shwaa, shwaa. Anasesa nkhuyu zonse.

Anawolera zinyalala m'chidebe. Anakataya kuseri kwa mwala waukulu. Anabwerera. Anawoleranso. Anakatayanso. Maulendo asanu.

Pansi pa mkuyu panayera mbee. Dothi linali losalala. Katsache kanasiya mizere yokongola, ngati tsitsi lopesa.

"Tsopano bwera, gwape," ananong'ona Upile.

Abambo anabwera dzuwa litalowa. Sanaone kanthu.

Lachitatu Upile anadzuka mbalame zisanayambe kuimba. Anafunda bulangete. Anakhala pawindo. Anakhala chete.

Kunja kunali nkhungu. Mitengo inkaoneka ngati ikuyandama.

Upile anadikira. Njiwa inalira. Gwape sanaoneke.

Upile anadikira. Nkhungu inachoka. Gwape sanaoneke.

Dzuwa linakwera. Pansi pa mkuyu panali zii.

Abambo anatuluka ndi kapu ya tiyi. Anaima. Anayang'ana pansi pa mtengo. Anatsegula maso kwambiri.

"Aa! Wasesa pano ndani?"

"Ndine, ababa. Ndasesera mlendo."

"Nanga nkhuyu zili kuti?"

"Ndataya. Zinali zoola."

Abambo anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Upile, mwana wanga. Gwape sabwera kudzationa ife. Amabwera kudzadya nkhuyu. Wasesa chakudya chake cham'mawa."

Upile anayang'ana katsache. Misozi inayamba kutsika.

"Ndamuthamangitsa! Mawa tikupita. Sindimuonanso!"

Amayi anatuluka atamanga chitenje. Anamupukuta misozi ndi nsonga yake.

"Usalire. Wasesa bwino. Ngakhale m'makona wafikamo."

Kenako amayi anawerama. Anayang'anitsitsa dothi.

"Bambo a Upile, mwakhalitsa ku Joni inu. Mwaiwala? Pabwalo posesa palibe amadutsa mobisa. Kwathu tinkadziwa ngakhale njoka ikadutsa. Upile, bwera. Tawerenga apa."

Upile anagwada. Pa mizere ya katsache panali zizindikiro.

Apa panali timizere titatu titatu.

"Nkhanga," anatero amayi.

Apa panali kanjira kopyapyala.

"Bongololo," anatero amayi.

Apa panali timapazi tina. Tating'ono. Tosongoka. Togawanika pakati.

Abambo anaika kapu pansi.

"Ndi iyeyo," ananong'ona. "Ndi gwape. Wabwera usanadzuke."

Upile anayang'anitsitsa timapazito.

Timapazi tinazungulira mkuyu. Tinazungulira kawiri. Gwape ankafunafuna nkhuyu zake. Kenako timapazi tinakhota.

Upile anatsatira. Phazi limodzi. Phazi lina. Abambo pambuyo. Amayi pambuyo.

Timapazi tinalowera ku mwala waukulu. Kuseri kwake kunali mulu wa Upile. Masamba anali obalalika. Nkhuyu zambiri zinali zitadyedwa.

"Wazipeza!" anatero Upile. "Wadya!"

"Wakhuta ndithu," anatero amayi. "Unamupakulira mbale yodzaza."

Kupitirira mwalawo kunali kanjira. Kanali kakang'ono kwambiri. Kankalowa pansi pa zitsamba.

Abambo anakanda mutu.

"Zaka zitatu! Njira yake sindinaidziwe. Masamba ankandibisira."

Tsiku limenelo Upile anatola nkhuyu zina. Sanasese. Anatola ndi manja, imodzi imodzi. Anaziika kuseri kwa mwala. Kenako anasesa kamalo kakang'ono pafupi. Kakang'ono ngati mphasa.

Lachinayi linafika. M'mawa womaliza.

Anadzuka onse atatu. Anatenga bulangete limodzi lalikulu. Anakhala pa chitsa, patali pang'ono ndi mwala. Upile pakati. Abambo uku. Amayi uku.

Nkhungu inali pansipansi. Mame ankadontha kuchokera m'masamba. Do. Do. Do.

Upile anadikira. Mwendo unayamba kuyabwa. Sanakande.

Upile anadikira. Mphuno inafuna kuyetsemula. Anaigwira.

Chitsamba chinagwedezeka.

Panatuluka khutu. Panatuluka khutu lina. Panatuluka mphuno yakuda, yonyowa.

Gwape!

Anali wotuwa ngati nkhungu yomweyo. Miyendo yake inali yopyapyala ngati mapensulo. Ankaponda mopepuka. Ngati sakukhudza pansi.

Anafika pa kamalo kosesa. Anaima. Ananunkhiza mizere ya katsache. Anadutsa pakati penipeni.

Anatola nkhuyu imodzi. Anatafuna. Anatola ina.

Kenako anadzutsa mutu. Anayang'ana Upile. Maso ake anali aakulu, akuda, onyezimira.

Upile sanaphethire. Gwape sanaphethire.

Nkhalango yonse inakhala chete.

"Takulandirani," Upile ananena mumtima.

Gwape anagwedeza kamchira. Anatembenuka. Analowa m'nkhungu. Chitsamba chinatseka.

Upile anapuma mpweya wautali.

"Ababa, ndimalota?"

"Pita ukaone pansi," anatero abambo.

Upile anathamanga. Pa kamalo kosesa panali timapazi. Tatsopano. Tosongoka. Togawanika pakati.

Sanali maloto.

Upile anavula nsapato. Dothi linali lozizira. Anaponda pambali pa timapazi ta gwape. Anachotsa phazi mosamala.

"Ukutani?" anafunsa amayi.

"Kuti naye adziwe kuti ndinabwera."

Amayi anamwetulira. Anavula patapata. Anaponda nawo.

Abambo anavula jombo. Anaponda nawo. Phazi lawo linatenga theka la malo.

"Eish, bambo a Upile!" anaseka amayi. "Gwape aganiza kuti kwabwera njovu!"

Masana teksi inafika pa geti. Upile anapereka katsache kwa abambo.

"Kakhale ndi inu. Muzisesa kamalo kaja kokha. Nkhuyu musamasese."

"Ndamva, abwana."

"Muzindiuza amene wadutsa."

"Tsiku lililonse," anatero abambo.

Loweruka m'mawa foni ya amayi inalira ku Berea. Abambo anali atatumiza chithunzi. Upile ndi amayi anagunditsana mitu.

Pachithunzi panali dothi losesa. Pakona panali phazi la Upile. Abambo sanalisese.

Mkati mwa phazi la Upile munali kaphazi kena. Kakang'ono. Kosongoka. Kogawanika pakati.