Narelle Wogulitsa Maduveti

Darcy Pettit analowa m'sitolo ya zofunda mumzinda wa Launceston m'mawa wina wa mu Juni akunjenjemera ngati mwanapiye wonyowa. Jekete lodula, nsapato zonyezimira, tsitsi lothiridwa mafuta mpaka kununkhira pakhomo.

"Chemwali, ndipulumutseni," anatero kwa Narelle Quigley, mtsikana wogulitsa m'sitolomo. "Duveti yomwe ndimafunda ndi yonenepa kwabasi, koma ndimadzuka mapazi atauma."

"Kunenepa si kufunda, bambo," Narelle anayankha. "Muziwerenga nambala ili pachikwamapa. Iyi ya ubweya wa nkhosa, magalamu 300, ndi ya nyengo yotentha. Ya 500 ndiye ya chisanu cha kuno. Koma mukaifunda mu Januwale mudzaphikika."

"Nanga ya munthu wogona yekha, wopanda womukumbatira, nambala yake ndi iti?"

Mawu otha ntchito ngati amenewo! Glenys, mayi wachikulire wa pakauntala, anatsonya mokweza. Koma Narelle anaseka mpaka kugwira pakamwa. Darcy anatuluka ndi duveti ya 500, ndi nambala ya foni ya mtsikanayo italembedwa kuseri kwa risiti.

Mauthenga anayamba tsiku lomwelo.

"Duwa langa, duveti yafunda, koma mtima ukuzizidwabe."

"Narelle wanga, ndikakuona mpunga umandikanika kumeza."

Mpunga wake uti? Munthuyo amamaliza nsomba ndi tchipisi zake n'kuyambanso za Narelle! Koma mtsikana anali atagwa kale m'chikondi. Darcy anamuuza kuti amagwira ntchito ku mgodi wa kumadzulo, n'chifukwa chake amasowa masabata awiriawiri. Kunyumba kwake? "Akukonza denga, wokondedwa. Fumbi lokhalokha. Sindingalole kuti mapapo ako okongolawo adwale."

"Denga lanji lokonza miyezi itatu?" Glenys anafunsa akupinda mashiti a pabedi. "Amagona m'tchalitchi kodi?"

"Inu a Glenys, nsanje basi."

"Nsanje? Mwana iwe, ine amuna onunkhira chonchi ndinawataya awiri. Wachitatu ndinam'bweza ali pageti."

Mu Okutobala, atakhala m'mbali mwa mtsinje wa Tamar, Darcy anam'gwira manja onse awiri.

"Khirisimasi isanafike udzasamukira kwanga. Ndikulumbira pa manda a mayi anga!"

Narelle analira ndi chimwemwe. Mawa lake anauza mwini nyumba yomwe ankachita lendi kuti atuluka mu Disembala. Anayamba kusankhiratu zofunda za nyumba yatsopano: ya thonje ya masiku otentha, ya 350 ya mu Epulo, ya nthenga za bakha ya chisanu. Usiku uliwonse wa chaka anali ataukonzera, nyumbayo asanaione n'komwe!

Masana ena a mu Novembala munalowa mayi woyembekezera, akudzikupiza ndi nyuzipepala.

"Ndikufuna duveti yopepuka," anatero. "Mimbayi ikundiwotcha ngati mbaula."

"Tengani ya thonje, mayi. Imapitisa mphepo, siisunga thukuta. Panopa mukufunda ya nambala yanji?"

"Ya 500. Mwamuna wanga anagula muno mu Juni. Akuti muli kamtsikana kolongolola, kankhope ngati pilo wakale, koma manambala kamawadziwa." Mayiyo anaseka. "Ndikhulupirira si inu!"

Narelle anamwetulira mwa ntchito. Ya thonje ya bedi lalikulu inali itatha, choncho anatenga cholembera kuti aiitanitse.

"Dzina, mayi?"

"Kirrily Pettit."

Cholembera chinaima.

"Amuna anu... ndi a ku mgodi?"

"Mgodi? Darcy?" Kirrily anaseka mpaka kugwira mimba. "Munthu woopa kangaude wa m'bafa? Amagulitsa matayala konkuno ku Mowbray! Uyo akubwerayo."

Darcy analidi pakhomo, ayisikirimu awiri m'manja. Zikuoneka kuti mkazi wake anam'siya pamzere wa ayisikirimu osamuuza kumene akulowera. Maso ake atakumana ndi a Narelle, nkhope inayera ngati shiti.

"Moni... chemwali," anatero.

Chemwali! Duwa lija lasanduka chemwali?

Narelle sanakuwe. Anatulutsa foni yake, natsegula mauthenga a miyezi isanu, n'kuipereka kwa Kirrily.

"Werengani mutakhala pansi, mayi. Ndikupepesa. Sindinkadziwa kuti mulipo."

Kirrily anakhala pa bedi lachionetsero n'kuwerenga. Ayisikirimu ankayenderera m'zigongono za jekete lodula lija.

"Kirri, mtima wanga, zinali zocheza chabe..."

"Manda a mayi ako?" Kirrily anadzutsa mutu. Lumbiro lija analibwerezanso pa foni. "Mayi ako tinadya nawo nyama ya nkhosa Lamulungu lapitali! Anawonjezera kawiri!"

"Kuika mayi ako m'manda ali moyo chifukwa cha chibwenzi," Glenys anatero akupukusa mutu. "Bambo, mukudonthezera kapeti."

Kirrily anabweza foni, nam'yang'ana Narelle kwa kanthawi.

"Za pilo zija, ananama. Duvetiyo muiitanitsebe."

Anasolola makiyi a galimoto m'thumba la mwamuna wake n'kutuluka. Darcy anathamangira pambuyo akuitana, koma galimoto inam'siya pamsewu.

Narelle anakalowa mosungira katundu, nalira mpaka maso kutupa. Ataimbira mwini nyumba, anamva kuti ena ofuna lendi anasaina kale. Mu Disembala anasamukadi, koma kupita kwa mkulu wake ku Devonport, m'kachipinda kosungira njinga, n'kumayenda ola lathunthu kupita kuntchito.

Patapita masabata atatu, Darcy anatulukiranso m'sitolo, ndevu zosameta, atanyamula maluwa ofota, kapepala ka mtengo wotsitsidwa kakadali pompo.

"Duwa langa, Kirrily wandithamangitsa. Tsopano ndine wako yekha! Si zimene tinkafuna?"

Narelle anam'yang'ana kuyambira kutsitsi mpaka kunsapato, osathamanga. Mtima unam'pweteka, inde, koma anadabwa kuti kamunthu aka ndi kamene kanam'liza chonchi.

"Bambo," anatero, "ngati simukugula kanthu, musatseke pakhomo. Kumbuyo kwanuko kuli makasitomala."